Fifite Ngwee

Anandisankha Lachinayi, dzuwa likutsamira pa Kanjala,
osati poti ndimadziwa masamu,
sukulu ndinalekeza giredi sikisi,
koma amai Tisauke Mvula anati,
"Uyu pa Kapata saika tomato wowola pansi pa mulu."
Onse anaseka.
Anandipatsa kabuku ka mizere, bolopeni yotafunidwa kumutu,
ndi chitini cha mkaka chomanga ndi mphira wa njinga.

Ndalama za chigwirizano zimanunkha kapenta,
makala, ndi thukuta la pamfundo ya chitenje.
Wina amabweretsa faifi kwacha yong'ambika, yomata ndi selotepi.
A NyaJere, amasiye a ku Mchini,
amaponya zachitsulo ziwiri mofulumira
ngati akubisa tchimo.
Ndimalemba zonse: dzina, tsiku, zingati.

Febuluwale, mwezi umene tomato amaola asanafike pamsika,
Limbikani anatentha thupi pakati pa usiku.
M'chikwama changa munali lisiti ndi chipini.
Chitini chinali pansi pa bedi, pamalo pake,
ndipo ndinachimva chikupuma.
Ungobwereka, chinatero, Loweruka udzabweza.
Adzawerenga ndani? Wowerenga ndiwe.

Ndinachikoka.
Mphira ndinamasula, sindibisa,
ndalama ndinazikhuthulira pamphasa, manja akunjenjemera.
Ndinayamba kupatula ya njinga yamoto, ya mankhwala,
mpaka zala zinakhudza zachitsulo zija.
Ndinawaona a NyaJere akutsika m'matope a ku Mchini,
patapata m'manja kuopa kuduka.

Ndinaolera zonse, ndinamanganso.
Mwana kumsana, chitenje kumutu, mvula ikusefukira m'ngalande,
ndinakagogoda kwa amai Mvula
kukapempha ndi pakamwa panga.
Kupempha kumawawa kuposa kuba, Ambuye mukudziwa,
kuba kulibe wokuyang'ana m'maso.
Anandipatsa osafunsa zambiri.
Limbikani anagona masiku anayi kuchipatala, anatuluka akufuna mandasi.

Kutha kwa mwezi ndinawerenga.
Buku likuti zakutizakuti, chitini chikuti ayi,
yaperewera fifite ngwee.
Ndinawerenga katatu, kachinayi ndi malovu pachala.
Mwamuna wanga anati, "Ikapo yako, tigone.
Fifite ngwee sigula ngakhale machesi."
Ndinaikapo yanga. Tulo sitinabwere.
Yanga ndi yanga, ija inali ya wina,
inaperekedwa kale, inali ndi Mwini wake.

Patapita milungu iwiri, ndikusesa,
tsache linakola kanthu pamng'alu wa simenti kumutu kwa bedi.
Inali gone chafufumimba, yafumbi,
mboni ya usiku uja.

Lachinayi ndinaimirira pamaso pa amai onse
ndi kandalama pachikhatho.
Ndinanena zonse, za mphira, za mphasa.
Wina anaseka kumbuyo, kenaka anasiya.
A NyaJere anayang'ana pansi nthawi yaitali
ndipo anati, "Lembani kuti yabwera."
Ndinalemba: yabwera.
Yanga ija sindinaichotse,
mwezi umenewo buku linapitirira ndi fifite ngwee
ndipo mlembi wa mpingo anadandaula kuti ndasokoneza masamu.

Amati wosunga zazing'ono adzapatsidwa zazikulu.
Ine zazikuluzo sindinazione,
ndikadali pa thebulo lomwe lija, pafupi ndi ogulitsa anyezi,
ngongole ya amai Mvula ndinamaliza mu Juni.
Koma chaka chino tinakhoma malata mbali ya kum'mawa kwa tchalitchi,
kumene amai okalamba amakhala.
Mvula ikamagwa pa ulaliki ndimakweza maso,
ndimawerenga misomali mzere ndi mzere
mpaka abusa anena ameni.
Sindidziwa kuti ndi uti.
Pansi pake a NyaJere amakhala osanyowa,
akuwodzera.