Njerwa Zosawotcha

Wailesi ya aDaka imamveka bwino ukaipendeketsa,
ndiye anaitsamiritsa pachikombole,
mawu a mayi wa zanyengo n'kumatuluka
pakati pa kuthetheka, ngati kapenta m'mafuta:
Lachitatu, mitambo yochokera kumpoto.
Lachinayi, mvula yamphamvu ndi ziphaliwali.
Lachisanu, matalala m'malo okwera.
Anatchula Chipata, Katete, Chadiza, Vubwi,
mosathamanga,
ngati mphunzitsi woitana maina m'kalasi.

Ine maso anali panjerwa zanga.
Zikwi zinayi ndi mazana awiri, zosawotcha,
zitagona m'mizere kuseri kwa Mchini,
iliyonse ndi chidindo cha chala changa pangodya.
Nkhuni za uvuni, mwini ngolo anati Loweruka.
Mayi wa pawailesi za Loweruka sanazitchule.

Ku Kapata pulasitiki wakuda anali atakwera kale.
Wogulitsa nayenso ali ndi makutu.
Ndinagula mamita asanu ndi atatu,
ndalama ya nsapato za Lekani,
ndipo pobwera panjinga ankandikupiza kumsana
ngati phiko la khwangwala wodwala.

Tinapanga mulu mpaka mdima.
Tionenji ankasenza zisanu zisanu pankhata,
osayankhula.
Pulasitiki anaphimba theka.
Theka linalo tinalifunditsa udzu, masaka a feteleza,
ndi chitseko chakale cha bafa.

Lachitatu mitambo inabweradi,
inaima pamwamba pa Kanjala, inatiyang'ana,
n'kupitirira ku Mwami.
Anyamata a njinga pasiteji anaseka:
wailesi yanamanso!
ADaka anavundukula zawo kuti zipume.

Lachinayi dzuwa linaswa mtengo mpaka masana.
Nkhuku zinali kukamwa yasa.
Kenaka mphepo inanyamula mapepala onse a mumsewu,
fungo la dothi linafika mvula isanafike,
ndipo malata a kwa aSakala anayamba kuwerenga madontho,
limodzi, awiri,
kenaka osawerengekanso.

Usiku wonse ndinaima pamulu ndi tochi ya foni,
phazi ili pamwala, phazi ilo pangodya ya pulasitiki.
Ching'aning'ani chikawala ndinkaona aDaka uko,
opanda malaya,
akukumbatira njerwa zimene zinali kusanduka phala m'manja.
Lunkhwakwa ankabangula kumunsi
atatenga mlatho wa matabwa ndi mbuzi ya wina.

Lachisanu m'mawa matalala anagwa,
akulu ngati nthudza,
anaboola masamba a mapapaya, anathyola galasi la minibasi.
Atasiya, Lekani anandikoka dzanja.
Atate, onani phiri!
Kanjala anali atayera pamutu ngati wathiridwa ufa.
Anati n'chimodzimodzi chithunzi cha m'buku la giredi faifi,
maiko amene ana amavala nsapato zaubweya
ndipo madzi amagona pamapiri miyezi itatu.
Anatola matalala m'kapu kuti akaonetse anzake.
Asanafike pamsewu, kapu inali ya madzi.
Phirinso linabwerera mtundu wake
tisanamalize kuliloza.

Ndinawerenga.
Pansi pa pulasitiki, zikwi ziwiri kuchotsa makumi atatu.
Pansi pa udzu, zina zili ndi ngodya, zambiri zilibe.
Pansi pa chitseko cha bafa, khumi ndi zisanu ndi imodzi,
zouma gwa, ngati sizinamve kanthu.
Za aDaka sitinawerenge.
Anakhala pachikombole chawo, wailesi ili pamiyendo,
akuipukuta ndi chala.

Loweruka ngolo inafika nthawi yake,
ng'ombe zili matope mpaka m'mawondo,
nkhuni zikudontha.
Mayi uja anati kuyera kwa masiku awiri,
kenaka tidzamve.
ADaka sanatsutse.

Ndinapinda buluku, ndinalowa m'dzenje.
Dothi linali lofewa kale, losafuna ndowa,
mvula itandipondera theka la ntchito.
Pansi pa phazi ndinamva kangodya kolimba,
ndinakatola:
chidindo cha chala changa chikadalipo.