Kompyuta ya Ziemowit

Mu Novembala inakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi,
ndipo uthenga unabwera pa sikirini
waulemu ngati kalata ya kubanki:
makina anu akalamba, gulani ena.
Mlongo wanga anaseka mpaka kutsokomola.
"Nawenso akuchotsa ntchito?" anatero,
akusisita chitsulocho ngati chipumi cha wodwala.

Chigwereni padenga la fakitale
miyendo yake siimumvera.
Tikukhala nsanjika yachisanu ndi chitatu, kuno ku Łódź,
komwe chikepe chimafa Lamlungu lililonse.

Usiku umenewo anafufuta zonse,
mbee!
n'kuthiramo Linux yochokera m'kafulashi
komwe ndinkasungira zithunzi za maliro a bambo.
Ndinati, Ziemowit, zaulere zimaluma.
Iye anati, Dobromiła, izi si zaulere chabe,
ndi nyumba yomwe omanga ake
anasiya pulani pakhomo
kuti aliyense aone pomwe padutsa mapaipi.

Kompyutayo imagona m'kachipinda kopanikiza
momwe njinga yake siilowa.
Koma zithunzi zimaboola khoma popanda waya
n'kudzatera pa TV ya pabalaza,
ndipo iye, ali chigonere pa sofa,
amakwera hatchi, amalumpha mitsinje,
amathamanga
mpaka ine wopenyerera kuchita befu.
Mayi Genowefa a khomo loyandikana akayatsa mayikulowevu
hatchiyo imauma m'malere, miyendo inayi yonse,
kudikira kuti supu wawo atenthe.

Si zonse zimatheka.
Pali gemu ina ya nkhondo
imene anzake a kufakitale amasewera Lachisanu.
Mlonda wa gemuyo akaona nyumba yosakhoma
amati muli mbava,
chitseko phwa!
Lachisanu amangomva mawu awo pafoni,
Leszek akukuwa kuti kumanzere, kumanzere,
iye atagwira kapu ya tiyi wozizira.
Walira mvula walira matope, ndinamuuza.
Sanandiyankhule mpaka Lolemba.

Tsiku lina mawu anazima, hatchi inkathamanga duu.
Analemba dandaulo lake m'Chingerezi chothyokathyoka,
n'kuliponya mumdima.
Cha m'ma fili koloko usiku
wina wotchedwa Aigerim, wa ku Almaty, anayankha:
sintha mzere uwu, zilembo zitatu zokha.
Ziboda zinagunda pansi
mpaka mayi Genowefa anamenya khoma ndi ndodo.
Aigerim sitimudziwa nkhope.
Sanapemphe kanthu.
Patatha mwezi ndinapeza mlongo wanga
akulembera mnyamata wa ku Recife
zilembo zitatu zomwezo,
lilime lili panja ngati mwana wa sitandade wani.

Chaka chilichonse, akuti, anthu ake amalengeza
kuti chaka chino ndiye chathu,
ndipo chaka chimapita osawapatsa moni.
Tikadali ochepa, amavomera,
koma werenga magemu amene ankakana dzana
n'kuyerekeza ndi amene akukana lero.
Ali ndi kope lofiira momwe amawachonga.
Masamba a okana akuchepa,
koma dzina la gemu ya Lachisanu lija
walizunguliza katatu, pepala mpaka kubooka.

Ine ndimayendetsa sitima ya m'tauni.
Njanji anayala ndi ena, ine ndisanabadwe,
ndipo sindikhota pomwe iwo sanakhote.
Mwina n'chifukwa chake sindimvetsa bwino
chimwemwe cha munthu wotsegula mimba ya makina
n'kupeza kuti palibe womuletsa.

Kaya makampani adzatsegula zitseko, kaya ayi,
sindine mlosi.
Ndikudziwa chabe kuti lero ndaweruka mochedwa,
chipale chofewa chili m'nsapato,
chikepe chafanso,
ndipo ndamupeza ali mtulo, zowongolera zili pachifuwa.
Kuseri kwa khoma fani yokalamba ikupuma, fuu, fuu.
Pa TV hatchi yaima m'munda wa tirigu,
ikupukusa mchira,
ikudikira mwini wake adzuke.

Sindinazimitse.