Pakati pa Nthiti

Paipi yabwera itazingidwa m'katoni,
mamita atatu a pulasitiki yoonekera mkati,
waya atazungulira m'mimba mwake monse
ngati nthiti zosatha kuwerenga.
Kunja chipale chofewa chakwirira Thunder Bay yense.
Galimoto ya a Koskela, oyandikana nafe, yangotsala kalilole.

Bambo anga, a Veikko, akhala pakhomo lolowera m'galaja,
bulangeti pamawondo,
kapaipi kawo kakang'ono kali m'mphuno,
botolo la okosijeni lagona kumapazi ngati galu wokalamba.
Zaka makumi anayi ankameza utuchi wa mkungudza ndi mapulo
kukamwa kuli pululu.
Ankati fumbi la mtengo silipha munthu.
Dokotala analemba malire,
ndipo malirewo ndi pakhomopo.

"Usayeze ili chigonere, Tuulikki," akutero.
"Makina akayamba kukoka mpweya imadzikwinya.
Siyako chikhatho chimodzi."
Apuma. Adikira kuti chifuwa chiwalole.
"Koma usaitalikitse.
Nthiti iliyonse imaba mphepo pang'ono."

Choncho yaitali ndi mbala,
yaifupi imavuka pakamwa pa makina.
Ndaima pakati, tepi m'manja,
kuchokera ku macheka a patebulo kukafika kukhoma,
ndipo ndalemba kadontho kakuda ndi cholembera
chimene chikadali ndi mano awo kumutu.

Mpeni umalowa pakati pa nthiti ziwiri.
Pamenepo mpofewa, sipakana.
Ndikuzunguliza paipi pabondo, pang'onopang'ono,
mpeni ukutsata kanjira kake,
ndipo nditazungulira konse
sindinafike pomwe ndinayambira.
Ndafika nthiti imodzi kumunsi.
Palibe anandiuzapo zimenezi,
kuti ungayende mowongoka chotere
n'kudziphonya wekha.

Chatsala ndi waya basi.
Mbali ziwiri zikulendewera pa kachitsulo kamodzi,
zolekana kale koma zosasiyana.
"Pulayasi yofiira, osati yabuluu.
Yabuluu ndinaiwononga pa msomali, usanabadwe."
Ndafinya ndi manja onse awiri.
Thyo!
Kansonga kabwerera n'kundilemba chala.
Magazi pang'ono, kadontho pa benchi.
"Kapinde kalowe mkati," akutero osayang'ana n'komwe,
"kakulumanso mawa."

Yoyamba ndadula yaifupi.
Chikhatho chija ndinayeza ndi changa, osati chawo.
Aseka, kuseka kwasanduka chifuwa,
chifuwa chatenga nthawi yake yonse,
ine ndangoima ndi chidutswa m'manja
kumvetsera, kuwerenga, kudikira kuti chithe.
"Sunga," atero potsiriza. "Chidzakwana ku sandala."
M'galaja muno simunatayidwepo kanthu.
Muli zitini za misomali yopindika
zodikira tsiku lake kuyambira ndili kusukulu.

Yachiwiri yakwana.
Pulasitiki yauma ndi kuzizira, ikukana kuvala,
ndaiviika m'madzi otentha a m'ketulo
mpaka yafewa ngati khutu.
Ndaikankha, ndamanga lamba wachitsulo,
sikuluu ikulira pang'ono pomaliza.

Ndayatsa.
Paipi yadzidzimuka, yadzikoka, yafupika
ndi chikhatho chimodzi ndendende.
Ndadutsitsa thabwa la mkungudza pa macheka
ndipo ndikuona utuchi ukuthamanga mkatimo,
kamtsinje kofiirira kokwera khoma,
kupita m'thumba, osati mwa munthu.
Kuwala kwa pawindo, kumene ndinakula ndikukuona
kuli ndi tizinthu tovina,
lero kulibe kanthu. Kuwala kokha.

Ndazimitsa. Makutu akulira.
Bambo akuyang'ana mpweya woyerawo nthawi yaitali,
phazi limodzi lili pamalire penipeni.

"Sikununkhira kanthu," akutero.

Ndatola kachidutswa kamene kagwa kuseri kwa macheka,
kofunda m'mphepete momwe mano adutsa,
ndawapatsa.
Asuntha kapaipi kawo ndi chala chachikulu,
kamphindi chabe,
akaika pamphuno.
Botolo likupumabe pansi, lokha.
Ine ndikukulunga paipi yotsala,
ndikuyang'ana kukhoma.