Rano

Anesi a kunyumba ya okalamba ku Skudenes
anandiimbira usiku, chisanu chitamata mawindo:
"Mayi anu akulankhula zosamveka.
Mwina ndi kutentha thupi, mwina mutu wayamba kuthawa."
Ndinayendetsa galimoto mumdima wa Januwale,
mphepo ya kunyanja ikundikankha ngati ndili nayo ngongole.

Ndinakupezani maso ali kudenga, Mayi,
zaka makumi asanu ndi anayi kudza zisanu ndi chimodzi
zitakupindani ngati kalata yowerengedwa kambirimbiri.
Munkangoti: rano, rano.
Ndinaseka kaye, misozi inabwera pambuyo.
Munkapempha madzi m'Chimalagasi,
Chinorowe chonse chitakutayikirani.
M'chipinda monsemo womva ndinali ine,
amene ndinalumbira kuti chilankhulocho sichidzatulukanso pakamwa panga.

Munakwera sitima ku Stavanger muli mtsikana,
ndi sutikesi imodzi, makina osokera, Baibulo,
ndi mwamuna wanu Torleif,
wodziwa kulalikira ola lathunthu osameza malovu
koma wolephera kukonza nyali ya parafini.
Nyaliyo munkakonza ndinu.
Ndi kuwala kwake munabadwitsa ana a ku Betafo,
aliyense mzere wake m'kope lachikuto chakuda:
tsiku, dzina la mayi, kulemera.
Chikwi chimodzi, mazana asanu ndi anayi, khumi ndi awiri.
Pa mzere umodzi pensulo inaboola pepala.
Eivind, masiku asanu ndi anayi.
Wanu ameneyo.
Ali pansi pa bulugama, m'dothi lofiira,
ndipo m'mawa mwake munabwerera ku wodi
chifukwa mkazi wina anali atayamba kubuula.

Ine munandisokera dzina pa masokosi onse
ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
n'kundikweza basi ya ku sukulu yogonera ku Antsirabe.
Munabayibitsa mpaka fumbi litakumezani.
Fumbi limenelo ndinayenda nalo m'mapapo zaka makumi anayi.
Tsiku lina kukhitchini, titabwerera kuno,
ndinati, "Mulungu wanu anandilanda mayi."
Ndinkadikira vesi.
Inu munati, "Ndikudziwa, Solfrid,"
mpeni osaleka kusenda mbatatesi,
makoko akugwa okhuthala kuposa masiku onse.

Ukalamba wanu unali wa ubweya ndi khofi:
kuluka majuzi ogulitsa pa msonkhano wa mishoni,
kuyimba mokwera pang'ono kuposa limba,
kubisira zidzukulu shokoleti m'thumba la epuloni.
Bambo atamwalira munasiya mpando wawo pawindo,
magalasi awo ali pa Masalimo.
M'mawa uliwonse munkatsegula kope lija
n'kutchula mayina khumi pamaso pa Mulungu,
monga woitana ana kuti alowe, kunja kwada.

Usiku umenewo ndinakumwetsani ndi supuni.
Misaotra, munatero, osandizindikira.
Munandiyesa mtsikana wothandiza mu wodi,
munandigwira dzanja mwamphamvu ya mzamba:
"Kalata ya mwana wanga yapita?
Basi imanyamuka Lachisanu.
Amaopa mdima, koma sanena."
Lilime langa linafukula mawu okwiririka kalekale.
Ndinati yapita.
Ndinati yafika, waiwerenga kawiri.
Munapuma ngati munthu wotula mtsuko.

Munatisiya kusanache, mabwato a asodzi asanayatse injini.

Pamaliro tinalipo makumi awiri ndi atatu a magazi anu,
mvula ikulowa m'makolala.
Abusa anawerenga uthenga wochokera ku Betafo,
wa mphunzitsi wopuma pantchito, Ravelojaona,
amene anasaina: wa mazana asanu ndi atatu kudza zisanu ndi chimodzi.
Ndinakayang'ana. Alimodi. Makilo atatu.

Za kumwamba sindinganame, Mayi,
chikhulupiriro changa ndi nyali yofuna wokonza.
Koma kope lili pathebulo langa, pafupi ndi ketulo.
Dzulo ndinafika pa mzere woboola uja,
ndinatchula dzinalo mokweza,
kenako asanu ndi anayi otsatira,
khofi akuzizira.