Masiketi Asanu a Amayi

Amayi ankavala masiketi asanu
monga achitira amayi a kuno ku El Alto,
kumene mphepo ya m'mapiri imaluma mpaka m'mafupa.
Ife tinkati n'kuzizira.
Sitinadziwe kuti siketi yam'kati inkamwa magazi,
yachiwiri n'kubisa yoyambayo,
zinazo n'kutsekereza fungo,
mpaka Lachinayi lija anagwera pamulu wa mbatatesi zawo pamsika,
chipewa chikugubudukira kunsi kwa minibasi.

Anali atasiya kusamba zaka zinayi.
Magazi atabwerera anangoseka:
"Eusebia wabwerera kuutsikana."
Anawiritsa masamba, anayatsa makandulo kutchalitchi.
Zachipatala ayi.
"Anaonako ndi bambo ako okha, basi."

Dokotala Ticona anandijambulira kuseri kwa lisiti:
ichi chiberekero, apa khomo lake.
Kachilombo ka HPV kamalowa pogonana, mosagogoda.
Ambirife, amuna ndi akazi, timakalandira osadziwa,
ndipo kawirikawiri thupi limakasesa lokha.
Koma pena kamakhazikika ngati chiswe mumtanda wa denga,
zaka khumi, khumi ndi zisanu,
nyumba ikuoneka bwinobwino kunja.
"Akanabwera nthawi imeneyo,
inali ntchito ya mphindi zochepa."
Ndinafuna kumuwaza mbama.
Ndinati zikomo.

Ndinakatukwana manda a bambo,
kenako ndinakumbukira kuti kachilomboka sikatchula kumene kachokera,
ndipo ndinazula udzu pamtumbira n'kubwerako.

Mwezi watha Wara wabwera ndi pepala la kusukulu.
Ali ndi zaka khumi, amagonabe ndi chidole chopanda mkono.
Fermín anati, "Katemera wa zimenezo kwa mwana?
Mukumutsegula m'maso."
Ndinati, "Denga lino unafolera mvula itayamba?"
Anayang'ana kumwamba nthawi yaitali,
n'kusolola cholembera m'thumba la malaya.
Wara anabwera akunyadira kathonje paphewa,
ati jakisoni wa dzino anapweteka kuposa apa.

Tsono panatsala ine,
mlaliki wosabatizidwa.

Ndinakwera kabokosi koyenda pachingwe kutsikira ku La Paz,
madenga akuyandama kunsi kwa mapazi anga,
mtima uli phaphapha.
Bedi lopapatiza. Chitsulo chozizira. Fungo la viniga.
Ndinawerenga ming'alu ya kudenga, inakwana isanu ndi iwiri.
Namwino anati, "Pali kabanga koyera.
Si khansa, mayi, pumani.
Ndi phazi lake chabe, likuyesa khomo.
Tikachotsa lero lomwe, mudzabwerenso chaka chamawa."
Ndinalira mpaka anandipatsa mpango wake.

Masiketi aja ndawachapa onse.
Ali pachingwe, lililonse palokha,
dzuwa likuwaona mbali zonse.
Lamlungu ndipita kumsika.
Mayi Eulogia, ogulitsa anyezi moyandikana ndi malo a amayi,
masiku ano sakhalanso pampando wawo,
amagulitsa chiimire.
Ndawasungira ndalama ya ulendo.