Mboni Yamkuwa

Inayaka pokwera Chowe, m'bandakucha,
chifunga chili ndii,
zala zitauma gwa pa zogwirira:
nyale yofiira, akuti injini yatentha.
Ndinaima, ndinagusa chitsulo ndi kuseri kwa dzanja
monga ndichitira pamphumi pa khanda.
Chinali chofunda chabe, ngati dzira loikira kumene.
Kumbuyo kwanga bokosi la katemera,
madzi oundana akuwerenga maola,
ku Namwera amayi atandanda kale pakhonde.

Lachiwiri ndinaikankha mpaka kwa Che Twaibu,
kuseri kwa msika, pomwe dothi linada ndi oyilo.
Sanathamangire sipanala.
Anafunsa ngati ife: zinayamba liti?
M'mawa imalira msanga?
Ayi, imatsokomola kaye kasanu.
Nanga fani?
Imazungulira ndikangotembenuza kiyi.
Iye mutu gwedegwede.

Anatsegula chivundikiro, madzi ali tho.
Anafinya paipi, yofewa bwino, yosadontha.
Anatsata waya ndi chala
kuchoka pachifuwa cha injini mpaka pansi pa thanki,
kufuna pomwe wakhulika, pomwe dzimbiri lobiriwira lamanga chisa.
Palibe.
«Asisitala, wodwala wanu ali bwino.
Tiyeni tifunse mboni.»

Mboniyo ndi kamkuwa,
kakafupi kuposa chala changa chachikulu.
Moyo wake wonse kamakhala m'madzi a injini
kukauza kabokosi kakuda zomwe kamva,
ndipo kabokosiko sikatsutsa:
akati kwatentha, kamamana injini petulo,
nkuyatsa fani, nkuyatsa nyale.

Che Twaibu anakamasula, nakamanga ku mita yake yosweka galasi.
Anakaviika m'kapu ya madzi a mumtsuko.
Manambala anaima.
Anatuma mwana kwa Abiti Jafali wa tiyi,
ketulo inabwera ikufuka nthunzi.
«Penyani. Madzi akamatentha, nambala itsike
pang'onopang'ono, ngati nkhalamba potsika basi.»
Anathira. Tinawerama tonse,
ine, iye, anyamata awiri akabaza,
ngakhale Abiti Jafali wodikira ketulo yake.
Nambala yomwe ija.
M'madzi ozizira, m'madzi owira,
mawu amodzimodzi: moto, moto.

Akabaza anaseka, ati kali ngati apongozi awo.
Ine sindinaseke.

Ndinakumbuka dzinja lapitalo ku Katuli,
mayi wovala chitenje chofwifwa,
mwana kumsana, dzina lake Shukurani.
Anati thupi likuotcha usiku wonse.
Ndinaika kachipangizo kanga kukhwapa,
kanalira, kanandipatsa nambala yabwino,
ndipo pamzere panali anthu makumi asanu.
Sindinamugwire pamphumi.
Ndinati bwererani, mumwetseni madzi.
Anabweranso Lachinayi, pa njinga yakapalasa,
mwana maso atatembenuka.
Anachira, inde anachira,
chaka chino ndamuona akuthamangitsa mbuzi.
Koma mayi ake akandipatsa moni
amayang'ana thumba langa, osati nkhope.

Kachipangizo kaja batire inali itatha.
Ndinadziwa patapita sabata.

«Kotere kuno kulibe,» anatero Che Twaibu
akupukuta manja pa sanza.
«Tiitanitse ku Limbe, kafika Loweruka pa minibasi,
kondakitala akapanda kuiwala.
Pakadali pano yendani, koma nyale musaikhulupirire.
Muziima, muzimva fungo, muzigusa.
Dzanja muli nalo.»

Kumzikiti kunamveka kuitana kwa masana.
Anatsuka mikono ndi madzi otsala m'ketulo,
ataziziritsa ndi a mumtsuko,
nandisiya pabenchi ndi kamkuwa m'manja.
Kanali kakadali kofunda.
Ndinakafumbata mpaka kanafanana ndi thupi langa,
kenaka ndinakaponya m'thumba la yunifolomu,
momwe muli cholembera, makiyi a firiji,
ndi mabatire awiri atsopano
omwe ndimayenda nawo masiku ano.