Khumi ndi Chimodzi

Mvula ya Julaye ikumenya malata a ku Valparaíso
ndipo bambo Eleuterio akhala kumbuyo kwanga,
chipewa pabondo, mpweya wawo m'khosi mwanga.
Abwera ndi mkazi wawo mu envelopu:
Brunilda, ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu,
ataima pakhomo la nyumba imene inapsa kalekale,
nkhope itamira mumthunzi ngati khobidi m'chitsime.

"Muwalitseni," akutero. "Pang'ono chabe, Ximena.
Ndingomuona m'maso."

Pang'ono chabe.
Anthu amayesa mawuwa ndi opepuka.
Pambali pa chithunzi pali kamzere,
pakamzerepo kamkanda kamodzi kotsetsereka,
kumanzere usiku, kumanja dzuwa la paliwombo,
ndipo dzanja langali lamwa khofi katatu lero.
Ndikakoka ndi mbewa kamkandako kamajowa,
kuchoka pa zinayi mpaka pa makumi atatu,
Brunilda n'kuyera mbuu ngati khoma la laimu.
Mbewa ndaikankhira uko.
Chala chimodzi pabatani la kamuvi,
go, go, kamodzikamodzi,
monga timatsikira masitepe a phiri lino kukaterera.

Zisanu: kolala ya diresi, ya madonthomadontho.
Zisanu ndi ziwiri: ndolo.
Zisanu ndi zitatu: kachipsera pachibwano,
mkuluyo n'kuseka, "Njinga ya eni imeneyo,
anagwa nayo pamsika wa nsomba."
Khumi: maso.
Akuyang'ana wojambula ngati ali naye ngongole.

Ndikanalekera pomwepo.
Koma chala chikayamba kugogoda sichimva msanga.
Khumi ndi chimodzi. Khumi ndi ziwiri.
Mumdima wa kuseri kwa chitseko mwatuluka zala zinayi
zitagona paphewa la Brunilda,
ndi theka la nkhope, ndevu za pamlomo, kapusi ya amalinyero.

Kunja chikepe cha paphiri chikukwera panjanji zake, kwee, kwee.
Ndachimva mpaka chafika pamwamba.

"Nibaldo," atero potsiriza. "Mng'ono wanga.
Chithunzichi ananditumizira ndili kumigodi ya kumpoto.
Zaka makumi asanu chili m'chikwama changa."

Ndawauza zoona: ndikhoza kumufufuta.
Mphindi zitatu, khoma libwerera pamalo pake,
osalipira china.
Apukusa mutu. "Bwererani m'mbuyo."

Khumi: palibe munthu, mdima wokhawokha.
"Pitani kutsogolo."
Khumi ndi ziwiri: uyo, akumwetulira ndi theka la mlomo.
"Bwererani."
Tachita zimenezi mwina kasanu ndi kawiri,
ine kutsegula ndi kutseka chitseko cha eni,
Nibaldo kulowa, Nibaldo kutuluka,
Brunilda osaphethira n'kamodzi komwe.
Khofi wazizira. Chala chachita dzanzi.

"Nanga pakati pakepo?"

Khumi ndi chimodzi.
Apa zala zija zangokhala timizere totuwa,
mlendo angati ndi chinyezi cha pakhoma,
kapena makwinya a pepala lokalamba.
Wodziwa yekha ndiye angawerenge mpaka zinayi.

Asendeza mpando, avula magalasi, awapukuta pamalaya,
awavalanso.
"Onse awiri ali kumanda a Playa Ancha,
mizere itatu kutalikirana.
Ndatsala ndine wowakwiyira, ndipo mawondo salola kukwera kumeneko.
Siyani pomwepo."

Ndachotsa dzanja pakompyuta mosamala
ngati wosiya tambula yodzaza pamphepete pa tebulo.

Makina alavula pepala lofunda.
Alipira ndi ndalama zonyowa,
afunsa ngati ndili ndi pulasitiki yoti chisavumbwe,
atsika masitepe chammbali, dzanja pakhoma,
limodzi, limodzi.

Usiku, ndisanazimitse, ndatsegulanso failo.
Sindinakhudze kanthu.
Ndangoyang'ana kamkanda kaja pamene kaima,
kufupi kwambiri ndi pakati,
moti wodutsa sangadziwe kuti kanasunthapo.